Timahelikopita tating'ono ta asilikali timapeputsidwa

Anthu mukamakambirana za ndege za nkhondo mumangothamangira kwa zihelikopita zonyamula zida monga Apache ndi Mi-24 kapena majeti aja odutsa ngati mphezi, koma ine maganizo anga ndi akuti ntchito yeniyeni kuyambira kale yagwiridwa ndi timahelikopita tating'ono tija tonyamula anthu awiri, anayi, mwina asanu ndi mmodzi basi, tomwe pa chionetsero cha asilikali palibe amatijambula n'komwe.

Muyambire ku Burma mu April 1944. Kandege kena kanagwera m'dera lomwe munali asilikali a Japan, anthu anayi ali m'tchire, atatu mwa iwo asilikali a Britain ovulala. Payiloti wa ku America, Carter Harman, anapita ndi Sikorsky R-4, helikopita yofooka zedi moti ndi kutentha kwa kumeneko imatha kunyamula munthu mmodzi yekha pa ulendo, injini kutentha mpaka kukana kulira, ndiye anawatuta mmodzimmodzi kwa masiku awiri mpaka onse anatuluka. Aka kanali koyamba kuti helikopita ipulumutse anthu pa nkhondo, ndipo ntchito yake inali kunyamula munthu, osati kuombera munthu.

Ku Korea pakati pa 1950 ndi 1953 kunabwera Bell 47, asilikali amaitcha H-13 Sioux. Kutsogolo galasi lobulungira, kumbuyo mchira wa timapaipi tapoyera topanda chophimba. Mkati malo munalibe ndiye machira awiri amamangiriridwa kunja, mbali iyi ndi mbali iyo pamwamba pa zitsulo zoterapo zija. Tangoganizani munthu wavulala, wagonekedwa kunja kwa ndege, mphepo ya chisanu cha ku Korea ikumuomba, mapiko akuzungulira pamwamba pa nkhope yake, payiloti akungomusuzumira pa galasi koma kumugwira sangathe. Komabe anthu masauzande ambiri anafika amoyo ku zipatala za m'matenti chifukwa cha kandege kameneka, ulendo womwe pa galimoto m'misewu ya m'mapiri ukanadya maola.

Kwa ine amene anasinthadi zinthu ndi a France. Mu 1955 anaulutsa Alouette II, helikopita yoyamba ya injini ya turbine kupangidwa mochuluka. Injini zakale za mapisitoni zinali zolemera, mphamvu yambiri imathera kunyamula injini yomweyo, pomwe turbine ndi yopepuka koma yamphamvu ndiye kandege kamatsala ndi mpata wonyamula katundu komanso kukwera m'mapiri. Alouette III inatsatira mu 1959, anapanga zoposa 2,000 tikaphatikiza za ku India zomwe amazitcha Chetak ndi za ku Romania. M'bale wake wina dzina lake Lama, pa 21 June 1972 payiloti Jean Boulet anakwera naye mpaka mamita 12,442, injini inazima kumwambako chifukwa cha kuzizira, munthuyo n'kutsika mtunda wonsewo mapiko akungozunguliridwa ndi mphepo, anatera bwinobwino eti. Lama yemweyo ku India amamutcha Cheetah ndipo kuyambira 1984 ndi amene wakhala akukafikitsa chakudya ndi mafuta kwa asilikali a pa Siachen, kumapiri a kumalire a India ndi Pakistan, pamwamba pa madzi oundana pomwe malo otera ndi kabwalo kochepetsetsa.

Apa ndisaname, Alouette III yomweyi ili ndi magazi m'manja. Asilikali a Portugal anaigwiritsa ntchito ku Angola, Mozambique ndi Guinea-Bissau polimbana ndi omenyera ufulu. Ku Rhodesia (lero Zimbabwe) ndiye anachita kuipangira njira yake yomwe amaitcha Fireforce, imodzi yokhala ndi mfuti ya 20mm pakhomo ikuzungulira pamwamba mtsogoleri ali momwemo, zina zikutsitsa asilikali anayianayi kutchingira njira zothawira. Kwa anthu a m'midzi ya kumeneko phokoso limenelo silinali la chipulumutso ayi. Ndiye ndikamayamikira makinawa sikuti ndikuyamikira onse amene anawakwera.

Pomwe ndimaona kuti akuluakulu a nkhondo anatilakwira timahelikopitati ndi pa ntchito ya ukazitape. Ku Vietnam a America anali ndi Hughes OH-6, asilikali amaitcha Loach, thupi lake ngati dzira. Ntchito yake inali kuuluka motsika kwambiri, pafupifupi kukhudza nsonga za mitengo, kuyang'ana mapazi, utsi, udzu wopondedwa, helikopita ina yonyamula zida yotchedwa Cobra ikudikirira pamwamba. Kunena mosapsatira Loach inali nyambo, iomberedwe kaye kuti Cobra idziwe poombera. Mwa Loach zonse zomwe zinapangidwa, zoposa theka zinathera ku Vietnam. Chomwe chimapulumutsa anyamata ambiri ndi thupi la dzira lija, ikagwa mchira ndi mapiko zimathyoka koma chipinda cha anthu chimangogubuduzika osaphwanyika msanga. 

Ndipo sizinathere ku Vietnam. Mu January 2013 tsiku loyamba lomwe France inalowa nkhondo ya ku Mali, payiloti wa Gazelle, Damien Boiteux, anamwalira ataomberedwa ndi mfuti wamba kuchokera pansi. Gazelle ndi kandege kabwino, kothamanga, timapiko take ta kumchira tobisika mkati mwa mchira momwemo, koma chitsulo choteteza anthu mulibemo. Mukaika chitsulo kalemera, kakalemera sikalinso kandege kopepuka, nkhani yake ndi yomweyo.

Ndiye anthu akamati madroni abwera kudzapha timahelikopita, ine ndimati aitengedi ntchito ya ukazitapeyo, inali yosayenera kale kukhala ndi munthu mkati. A America anataya madola pafupifupi 7 biliyoni pa helikopita ya ukazitape yotchedwa Comanche, anapanga ziwiri zokha zoyesera n'kuisiya mu 2004. Anayambanso pulogalamu ina yopanga helikopita ya ntchito yomweyo yotchedwa FARA, mu February 2024 anaithetsanso akunena zomwe aphunzira ku Ukraine, komwe kadroni kotchipa kakuona zomwe kale zimafuna anthu awiri aike moyo pachiswe. Pamenepo anachita bwino, anangochedwa.

Koma ntchito inayo ikadalipo. Dokotala wa asilikali akufunika kuseri kwa phiri, mlatho wakokoloka anthu atsakamira pamadenga, wovulala akutaya magazi ndipo msewu kulibe, apolisi akufuna thandizo kumalire, ophunzira upayiloti akufuna ndege yoyambira. Zonsezi simungatumize Apache, ndipo kutumiza chihelikopita chachikulu pa munthu mmodzi ndi kuotcha mafuta pachabe, mwinanso pomwe chikufuna kutera sichikwanapo, mphepo yake yokha imasasula madenga. A America omwewo ndi ndalama zawo zonse mu 2006 anasankha EC145, helikopita wamba ya ku Ulaya, n'kuipaka penti ya asilikali kuitcha UH-72 Lakota, yopanda mfuti, kuti izigwira ntchito zoterezi, zihelikopita zikuluzikulu za Black Hawk zizipita kunkhondo.

Dziko losauka likamagula ndege za asilikali ine ndimayang'ana izi, kodi masipeya apezeka, kodi makaniko wanu angaimasule ndi kuimanga pa bwalo la fumbi popanda kuitana munthu kuchokera kufakitale, kodi ola limodzi m'mwamba lidya zingati. Alouette inakondedwa m'maiko ambiri chifukwa injini yake ili poyera, makaniko amangokwera n'kuyamba ntchito. Portugal inayamba kuiulutsa mu 1963 n'kudzaipumitsa mu 2020. Kuli bwino kukhala ndi tinayi touluka tsiku lililonse kusiyana ndi chimodzi choopsa chomwe chimangokhala mu hangala kudikira sipeya.

Kungoti kulimba kumeneku kumapusitsanso maboma, amati bola ikuuluka. Ku India ma Cheetah ndi Chetak akalamba, ngozi zakhala zikuchitika, yolowa m'malo mwake yomwe kampani ya boma yopanga ndege ya HAL inapanga inauluka koyamba mu 2016 koma kufika m'manja mwa asilikali mochuluka kwachedwa, ndiye anyamata akukwerabe ku Siachen ndi ndege yomwe pulani yake inajambulidwa agogo awo ali anyamata.