Nora Aunor ndi mmene Philippines, Malaysia, Indonesia ndi Thailand amalemekezera akatswiri a mafilimu

Pa 22 Epulo 2025 asilikali a dziko la Philippines ananyamula bokosi lokutidwa ndi mbendera n'kukaliika m'manda a Libingan ng mga Bayani mumzinda wa Taguig, kumene kumagona atsogoleri a dziko, asilikali ndi anthu ena amene boma limawatenga ngati ngwazi. M'bokosimo munali Nora Aunor, mayi wa zaka 71 amene anatisiya pa 16 Epulo, ndipo Pulezidenti Ferdinand Marcos Jr. analamula kuti tsiku la malirolo likhale lokhuza m'dziko lonse. Ambiri mwa ife timalidziwa dziko la Philippines kudzera m'masewero a chikondi amene amaonetsedwa pa wailesi za kanema madzulo, koma ndi ochepa amene anamvapo za mayi ameneyu, ngakhale kuti achinyamata amene timawaonera m'masewerowo akuyenda m'njira imene iye analambula. Maliro ake anandichititsa kufunsa mmene maiko a m'chigawo chimenechi amasamalira anthu amene anathera moyo wawo patsogolo pa kamera, chifukwa Philippines, Malaysia, Indonesia ndi Thailand ali ndi njira zosiyana kwambiri, ndipo iliyonse ili ndi pamene imatsimphina.

Dzina lake lobadwa nalo linali Nora Cabaltera Villamayor. Anabadwa pa 21 Meyi 1953 ku Iriga, m'chigawo cha Camarines Sur, m'banja losauka la ana ambiri. Ali kamtsikana ankadikira sitima pa siteshoni atanyamula madzi akumwa, n'kumawagulitsa kwa apaulendo sitima ikaima, ndipo kandalama kameneko kankathandiza kuti pakhomo pakhale chakudya. Chimene chinamuchotsa pa siteshonipo ndi mawu ake. Mu 1967 anapambana mpikisano woimba wa dziko lonse wotchedwa Tawag ng Tanghalan, ndipo m'chaka chomwecho kampani ya Sampaguita Pictures inamulowetsa m'mafilimu. Dzina la Aunor analitenga kwa achibale amene ankamusunga ku Manila. Pa nthawiyo makampani a mafilimu ankafuna atsikana aatali, oyera khungu, a magazi osakanikirana ndi a Aspanya kapena Aamereka, pamene Nora anali wamfupi, wakhungu lakuderako, wooneka ngati mtsikana aliyense wa kumsika. Antchito a m'nyumba, ogulitsa malonda m'misewu ndi amayi a kumidzi anadziona okha mwa iye, ndipo anamukonda ndi chikondi chimene mabwana a makampaniwo sanachiyembekezere. Omutsatira anadzitcha kuti Noranians, n'kumalimbana ndi a Vilmanians, otsatira wosewera mnzake Vilma Santos, mkangano umene unagawa mabanja kwa zaka zambiri. Pulogalamu yake ya pa wailesi ya kanema, Superstar, inaulutsidwa zaka 22 mpaka 1989, ndipo dzina limenelo linamukanirira mpaka imfa.

Akanafuna, akanatha kukhala m'mafilimu a chikondi ndi nyimbo amene ankachita ndi Tirso Cruz III, poti ndalama zinali mmenemo. Koma anatsegula kampani yakeyake, NV Productions, n'kuyamba kuika ndalama zake m'mafilimu olemera nkhani. Mu 1976 anatulutsa Tatlong Taong Walang Diyos, yonena za nthawi imene Japan inalanda Philippines pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu 1980 anatulutsa Bona, yowongoleredwa ndi Lino Brocka, imene inakaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha Cannes ku France chaka chotsatira. M'filimu imeneyi Nora akusewera ngati mtsikana amene wathawa kwawo kukatumikira kamnyamata kosewera tizigawo ting'onoting'ono m'mafilimu. Amamuphikira, kumuchapira ndi kumutenthetsera madzi osamba tsiku ndi tsiku, mwamunayo akubweretsa akazi ena m'nyumba yomweyo. Pamapeto, mwamunayo atamuuza kuti akumusiya, mtsikanayo akuyang'ana mphika wa madzi akuwira kwa kanthawi osanena kanthu, kenako n'kumukhuthulira mwamunayo madziwo. Mphamvu yonse ya chigawochi ili m'maso mwake, ndipo Afilipino akamanena za luso la Nora amayambira pa maso amenewo.

Filimu imene dziko lonse limamukumbukira nayo ndi Himala ya 1982, yolembedwa ndi Ricky Lee ndi kuwongoleredwa ndi Ishmael Bernal. Nora akusewera ngati Elsa, mtsikana wa m'mudzi wouma ndi chilala amene akunena kuti waona Mariya Virigo, ndipo odwala, amalonda ndi atolankhani akukhamukira kumudziko mpaka chikhulupiriro chasanduka msika. Ataima pa kaphiri ka mchenga pamaso pa chinamtindi cha anthu, akuulula kuti panalibe chozizwitsa chilichonse, ndipo pomwepo wina akumuwombera. Mu 2008 owonera anaivotera filimuyi, pa mpikisano wa CNN, kukhala yoposa zonse za ku Asia ndi Pacific. Mu 1995 anasewera ngati Flor Contemplacion, wantchito wa m'nyumba wa ku Philippines amene ananyongedwa ku Singapore m'mwezi wa Malichi chaka chomwecho, ndipo analandira mphoto pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cairo. Ali ndi zaka 59 anaseweranso ngati mzamba wosabereka wa pa zilumba za Tawi-Tawi mu Thy Womb, imene inakapikisana pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Venice mu 2012.

Munthu wotere boma lingamuchitire chiyani? Philippines ili ndi yankho lolembedwa m'malamulo. Kuyambira 1972 kuli ulemu wa National Artist, umene woyamba kuulandira anali wojambula zithunzi Fernando Amorsolo. Mayina amasefedwa ndi akatswiri a mabungwe awiri a boma oona za chikhalidwe, National Commission for Culture and the Arts ndi Cultural Center of the Philippines, kenako amapita kwa pulezidenti kuti asaine. Wolandira ulemuwu amapatsidwa ndalama, penshoni ya mwezi ndi mwezi, thandizo la kuchipatala, maliro a boma ndi malo ku manda a ngwazi. Ine ndimaona kuti pano pali nzeru, chifukwa luso la zisudzo silikhala ndi penshoni, ndipo nkhope ikakalamba mafoni a opanga mafilimu amasiya kulira. Mendulo yopanda chakudya sithandiza nkhalamba yodwala.

Koma cholembera chomaliza chili m'manja mwa wandale, ndipo apa m'pamene Nora anapwetekedwa. Mu 2014 akatswiri aja anapereka dzina lake, koma Pulezidenti Benigno Aquino III analichotsa pa mndandanda, n'kufotokoza poyera kuti chifukwa chake chinali mlandu wa mankhwala osokoneza bongo. N'zoona kuti mu 2005 Nora anamangidwa pa bwalo la ndege la Los Angeles, koma mlanduwo unathetsedwa mu 2007 atamaliza ndondomeko ya chithandizo imene khoti linamupatsa, ndipo sanapezeke wolakwa. Apa ndikuona kuti pulezidentiyo analakwitsa kawiri: analakwitsa pa mfundo ya mlanduwo, ndiponso anasandutsa ulemu wa ntchito kukhala chikalata cha makhalidwe abwino. Amene anaimirira pa kaphiri ka mchenga kuja anali yemweyo amene anapunthwa ku Los Angeles, ndipo kupunthwako sikunafufute ngakhale mphindi imodzi ya filimuyo. Anadikira mpaka Juni 2022 pamene Pulezidenti Rodrigo Duterte anasaina, tsiku limodzi ndi Ricky Lee amene analemba Himala. Pofika nthawi imeneyo mawu ake oimbira anali atawonongeka kale chifukwa cha opaleshoni imene anachitidwa ku Japan mu 2010, ndipo ulemuwo anakhala nawo zaka zosakwana zitatu. Mphamvu ya pulezidentiyi inavutitsaponso mbali ina, pamene Pulezidenti Gloria Macapagal Arroyo anawonjezera mayina a anthu amene anawasankha yekha mu 2009, khoti lalikulu n'kudzawafufuta mu 2013. Ndipo tisaiwale kuti Brocka ndi Bernal, amene anawongolera mafilimu aakulu a Nora, onse analandira ulemuwu atagona kale m'manda, Brocka mu 1997 ndi Bernal mu 2001.

Tikawoloka nyanja kupita ku Malaysia, nkhani imene imandiwawa ndi ya P. Ramlee, amene anali woimba, wopeka nyimbo, wosewera ndi wowongolera mafilimu, zonse mwa munthu mmodzi. Anabadwira ku Penang mu 1929, natchuka ku Singapore pansi pa kampani ya Shaw Brothers, ndipo anasewera m'mafilimu oposa 60. Atasamukira ku Kuala Lumpur mu 1964 zinthu zinayamba kumuthina: zipangizo zinali zoperewera, achinyamata anali atatembenukira ku nyimbo zatsopano, ndipo anamwalira mu 1973 ali ndi zaka 44 zokha, wosauka ndi wotayidwa. Ulemu unabwera wochuluka mwini wake kulibe. Msewu wa Jalan Parry unasinthidwa dzina kukhala Jalan P. Ramlee, nyumba yake ya ku Setapak inasanduka malo a chikumbutso, ndipo mu 1990 anapatsidwa dzina laulemu la Tan Sri, patatha zaka 17 ali m'manda. Njira ya Malaysia yatsamira pa mayina aulemu ngati Datuk ndi Tan Sri, amene amachokera kwa mafumu a dzikolo ndipo amaperekedwa kwa andale, amalonda ndi aluso mofanana. Dzina lotere limatsegula zitseko, koma silisiyanitsa woimba ndi mwini fakitale, ndipo limakonda kupeza amene zinthu zamuyendera kale. Michelle Yeoh, wobadwira ku Ipoh, anakhala Tan Sri mu 2013 ali moyo ndi wamphamvu, zaka khumi asanalandire Oscar, koma mbiri yake inamangidwa ku Hong Kong ndi ku Hollywood. Amene anatumikira chinenero cha Chimalaya kwawo komweko ndiye anadikira imfa.

Ku Indonesia munthu woyenera kumuika pambali pa Nora ndi Christine Hakim, wobadwa mu 1956, amene analandira Citra, mphoto yaikulu ya mafilimu m'dzikolo, pa filimu yake yoyamba yeniyeni, Cinta Pertama ya 1973. Monga Nora, nayenso anasankha nkhani zolemera ndi kupanga mafilimu ndi ndalama zofunafuna yekha. Anasewera ngati Cut Nyak Dhien, mayi amene anatsogolera nkhondo yolimbana ndi Adatchi ku Aceh, m'filimu ya 1988, ndipo mu 2002 anakhala munthu woyamba wa ku Indonesia kukhala m'gulu la oweruza ku Cannes. Kumeneko ulemu umene wosewera amaunyadira kwambiri ndi wochokera kwa anzake a ntchito kudzera m'mphoto za Citra, ndipo ubwino wake ndi wakuti amene akuweruza amadziwa chimene akuyang'ana. Kuipa kwake kunaoneka pamene ntchito ya mafilimu inagwa m'zaka za m'ma 1990: chikondwerero chopereka mphotozo chinaima pambuyo pa 1992 mpaka 2004, ndiye kuti kwa zaka zoposa khumi panalibe bwalo loyamikirapo aliyense. Ulemu waukulu wa boma, wa ngwazi ya dziko, umaperekedwa kwa akufa okha. Usmar Ismail, amene amatchedwa tate wa mafilimu a Indonesia, anaulandira mu 2021, patatha zaka 50 atamwalira.

Thailand, ngakhale ili chapatali pang'ono, ndiyo ikufanana kwambiri ndi Philippines, chifukwa nayo ili ndi ulemu wa National Artist kuyambira 1985, umene umaperekedwa chaka ndi chaka kwa anthu amoyo ndipo umabwera ndi thandizo la mwezi ndi mwezi. Petchara Chaowarat anasewera m'mafilimu pafupifupi 300 m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ambiri mwa iwo ali ndi Mitr Chaibancha, amene anafa mu 1970 atagwa kuchokera pa makwerero a helikopita akujambula filimu. Maso a Petchara anafa pang'onopang'ono, ndipo ambiri amaloza chala magetsi owala kwambiri amene ankamuunikira pojambula. Anabisala kwa anthu zaka zambiri, ndipo anadzatchulidwa National Artist wa 2018, ali wosaona koma ali moyo kuti amve dzina lake likuitanidwa.

Ndikaika zinayi zonsezi pamodzi, mtima wanga ukutsamira ku lamulo lakuti ulemu upite kwa wamoyo ndipo ubwere ndi chomuthandiza, monga zilili ku Thailand ndiponso, nthawi zina, ku Philippines. Chimene Philippines imaposa nacho anzake ndi kulemera kwa ulemuwo, poti superekedwa chaka chilichonse ndipo umathera pa manda a ngwazi, kutanthauza kuti dziko lavomereza kuti wosewera m'filimu analitumikira mofanana ndi msilikali. Chimene ndingachotse ndi mphamvu ya munthu mmodzi yofufuta dzina limene akatswiri asankha. Aquino atachotsa dzina la Nora mu 2014, aphunzitsi a m'mayunivesite, olemba mabuku ndi anzake a m'mafilimu anatsutsa poyera, pamodzi ndi a Noranians amene ambiri mwa iwo anali atakalamba naye limodzi. Amayi omwewo, ena atatsamira ndodo, ndi amene anafola mizere ku Heritage Park mu Epulo 2025 kudzaona nkhope yake komaliza, atanyamula zithunzi zake zakale za m'zaka za m'ma 1970.