Kukonza mpanda sikunathe ngati simunatole zidutswa za waya

Pa ntchito zokonzakonza pa famu ya ng'ombe, ine ndimaona kuti imene anthu amaipeputsa ndi yomalizira, kutola zotsala. Munthu wakunga waya bwinobwino, wadula nsonga ndi pulayala, kachidutswa kagwera mu udzu, iye ulendo.

Ng'ombetu sisankha chakudya ngati mbuzi. Imangokulunga udzu ndi lilime n'kumeza, kutafuna kwenikweni kumabwera pobzikula. Chitsulo chikalowa chimakakhazikika m'chifu chachiwiri, chija chooneka ngati zisa za njuchi, ndipo chifu chimenechi chagundana ndi kumene kuli mtima. Chikamafinya chakudya, kawaya kotalika ngati chala kamaboola, nthawi zina mpaka kukalasa thumba la mtima. Mudzangoona ng'ombe yasiya kudya, yapinda msana, ikubuula poyenda, mkaka watsika tsiku limodzi. Zikatero itanani dokotala wa ziweto msanga.

Ndiye pokonza mpanda yendani ndi chitini. Chilichonse chodulidwa, msomali wopindika, waya wadzimbiri amene mwachotsa, ponyani m'menemo. Mukamaliza, kokani maginito omangirira ku chingwe pamalo pamene munagwirapo. Matayala akale odyetseramo nawonso asinthidwe waya wake akayamba kutuluka, ndipo batire yakutha isatayidwe kubusa: ana a ng'ombe amanyambita, mtovu wake umapha.

Waya akamakhwepa kawirikawiri, musalimbane naye pakati. Pitani pakona. Nsanamira yapakona ndi imene imasenza mphamvu yonse, choncho ikhale yonenepa, gawo limodzi mwa magawo atatu likwiriridwe, dothi lisinjiridwe pang'onopang'ono, komanso ichirikizidwe ndi mtengo wopingasa. Pa nsanamira zapakati, misomali ya U musaikhomere mpaka kupana waya. Siyani kampata koti waya aziyenda ng'ombe ikatsamira kapena akamatamuka ndi kutentha. Mukapana, amadukira pomwepo. Khomani moipendeketsa pang'ono kuti isang'ambe mtengo.

Geti lokwekwerera pansi, onani mahinjesi apamwamba kaye. Likakhala lamatabwa, thabwa lopingasa lichoke m'munsi ku mbali ya mahinjesi kukwera ku mbali yotsekera. Ambiri amalitembenuza, n'chifukwa chake limagwanso.

Chomwera madzi chikamadontha, nthawi zambiri ndi kalabala ka mu valavu katha. Sinthani tsiku lomwelo, chifukwa matope ozungulira chomwera amafewetsa ziboda n'kuyambitsa zilonda pakati pa zala. Thirani miyala kapena konkire pamene ng'ombe zimaima.