Timagulugufe touluka pa matumba a chimanga musatiyang'anire

Ana anga a ku Mbare, Mufakose, Highfield ndi Epworth kuno ku Harare, lero mundilole ndikalipe. Sabata yatha ndinapita kukazonda mdzukulu wanga ku Dzivarasekwa. Tikucheza madzulo, ndinaona timagulugufe totuwa ngati phulusa tikuzungulira babu, tina titamata khoma pamwamba pa matumba a chimanga. Nditafunsa, iye anati, "Agogo, timangobwera ndi kutenthaku, tilibe vuto." Ndinamuuza kuti amasule thumba limodzi. Nditapisa dzanja, m'katimo munali mofunda, ndipo njere zimene ndinatapa zinali zopepuka ngati mankhusu, iliyonse ili ndi kabowo kozungulira. M'chidebe cha ufa namo, ufawo unali utagwirana timibulu tolendewera pa ulusi wonga wa kangaude. Ndiye ufa umene ana akudyera nsima tsiku ndi tsiku! Mtima unandipweteka.

Mvetsani bwino. Kagulugufe mukukaonako sikadya chimanga. Zimene zimadya ndi mphutsi zake, ndipo pamene mukukaona kakuuluka ndiye kuti mphutsizo zadya kale, zakula, zatuluka. Kakakazi kamodzi kamatha kuikira mazira oposa 100, ndipo kutentha kwa mu Okutobala kuno, pangopita masabata anayi kapena asanu kuti dzira lisanduke kagulugufe kena koikiranso mazira. Pali mtundu woboola njere ndi kukhala m'kati mwake, umenewu umayamba chimanga chikadali kumunda. Pali wina wokonda ufa, mtedza, mpunga ndi gaga, ndiwo umasiya ulusi uja. Onsewa akakumana ndi anankafumbwe m'thumba limodzi, pofika Khirisimasi mudzakhala mukupeta fumbi lokhalokha.

Chimandinyansa ine n'chakuti tizilomboti timachita kutiitana tokha. Munthu walima kamunda kake m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi, wapalira, wathira feteleza wogula ndi ndalama zosowa, wakolola mu Epulo kapena Meyi, kenaka n'kulongedza chimanga chosauma m'thumba la chaka chatha osalikutumula n'komwe. Chatsopano n'kuthira pamwamba pa chakale. Matumba n'kuunjika pa simenti, kutsamiritsa kukhoma. Kodi mwaiwala msanga chotere chilala cha 2024, pamene boma la Zimbabwe ndi la kwathu ku Malawi analengeza kuti kwagwa tsoka la njala? Ndowa ya chimanga tinkaiona ngati golide. Lero tikuisiyira mphutsi.

Kuumitsa ndiye mutu wa nkhani. A GMB, bungwe la boma logula mbewu, pogula amafuna chimanga chouma mpaka chinyontho chake chitsike kufika pa 12.5 peresenti, ndipo sachita zimenezi pofuna kukuvutitsani. Inu mulibe makina oyezera, koma mchere muli nawo. Tengani botolo lagalasi louma bwino, ikanimo njere zodzaza dzanja ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, dikirani pang'ono. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, bwezerani chimangacho padzuwa. Amayi anga ankangoluma njere, ikathetheka ndiye kuti yauma. Chosauma chimachitanso chuku, ndipo chuku china chili ndi poizoni woononga chiwindi. Chimenecho musadye, ngakhale nkhuku musazipatse.

Musanalowetse chatsopano, sesani m'chipinda, makamaka m'makona ndi m'ming'alu, zinyalalazo muziotche. Matumba akale aviikeni m'madzi owira, aume padzuwa. Ikani matabwa pansi kuti thumba lisakhudze simenti. Amene mungakwanitse, gulani matumba osalowa mpweya monga a PICS, kapena mgolo wotseka bwino. M'menemo tizilombo timafa tokha posowa mpweya, bola musamatsegule tsiku lililonse ngati mukusuzumira mwana wogona. Mukafuna mankhwala aufa monga Actellic kapena Shumba, gulani m'sitolo yodziwika, werengani mlingo wolembedwa pa paketi, sakanizani mpaka njere iliyonse ikhudzidwe. Kuwaza pakamwa pa thumba pokha n'kutaya ndalama. Ndipo mankhwalawa ndi a chimanga chamaso, si a ufa.

Ogula pamsika wa Mbare Musika, musagule ndi maso. Pisani dzanja mpaka pansi pa ndowa, nunkhizani, yang'anani mabowo. Ufa gayitsani wokwana mwezi, usungeni m'chidebe chotseka. Wochepa umene mukuukayikira, usefeni ndi kuuika mufiriji mozizira kwambiri muja kwa sabata yathunthu, magetsi akalola.

Tsopano ndifike pa chimene chimandisowetsa tulo. Pali mapiritsi aja otuwa ophera tizilombo amene ena amagula m'misewu, n'kukulunga m'kansalu, n'kuponya m'thumba lomwe lili kuseri kwa bedi. Ana inu, safunsa anadya phula. Mapiritsi amenewo akakumana ndi chinyontho amatulutsa mpweya wa phosphine, umene umadutsa thumba wamba ngati palibe kanthu. Umapha tizilombo, umaphanso munthu, ndipo amayamba kugonja ndi ana ogona pansi pafupi ndi matumbawo. Anapangidwira anthu ophunzitsidwa, m'nkhokwe zazikulu zotsekedwa bwino, kutali ndi pogona. Ife ambiri kuno tikukhala m'chipinda chimodzi chalendi, mophikira momwemo, mogona momwemo, khoma limodzi ndi banja lina. Musandiuze kuti mnzanu anachita ndipo sanafe. Mukamva fungo longa la adyo kapena nsomba yowola pafupi ndi matumba, wina n'kuyamba mutu, kusanza kapena kubanika, tulutsani aliyense panja, muthamangire kuchipatala osadikira kuche.

Mdzukulu wanga uja tinatulutsa naye matumba onse atatu, tinapeta, tinayanika pa lona, chofumbwa kwambiri tinataya. Patsala matumba awiri osadzaza. Loweruka ndikubwererakonso, botolo langa la mchere lili kale m'chikwama.