Kuonera gule wa eni ake sikugwirizanitsa ofesi

Zithunzi za maulendo a team building, amene makampani amakonzera antchito awo kuti azigwirizana, zimangofanana. Anthu avala matisheti a mtundu umodzi, aima pabwalo la ndege mapasipoti ali m'manja, madzulo ake bwana wamkulu wakokeredwa m'bwalo ndi ovina, akupinda chiuno mosemphana ndi ng'oma, onse ali gwaa kuseka. Pansi pake alemba kuti "ndife banja limodzi". Ine sindidana nazo zoti anthu akwere ndege akaone dziko lina. Amakhetsa thukuta, apume. Chimene ndimakana ndi chija amalemba pa kalata yopempha ndalama za ulendo, chakuti anthuwa akabwerako adzakhala ogwirizana chifukwa aonera limodzi magule.

Tiyeni tipite ku Bali, m'dziko la Indonesia, kumene magulu otere amakonda kukafika. Ku Uluwatu, pafupi ndi kachisi amene ali pamwamba pa thanthwe loyang'ana nyanja, dzuwa likamalowa kumakhala gule wotchedwa kecak. Amuna makumi angapo amakhala pansi mozungulira, zifuwa zili pamtunda, m'chiuno atamanga nsalu yamawanga akuda ndi oyera. Palibe ng'oma, palibe chitoliro. Zonse zimachokera pakamwa: cak, cak, cak. Koma sikuti onse amanena nthawi imodzi ayi. Awa akaponya mawu awo, ena amalowetsa awo m'mipata yotsala, wina ali pambali kusunga kayendedwe ndi liwu losasintha, ndipo mtsogoleri akangokuwa onse amathamanga kapena kutsika pamodzi, manja m'mwamba, zala zikunjenjemera. Mmodzi akaphonya, khutu limamva.

Zimenezi sanaziphunzire Loweruka limodzi. Magulu otere kawirikawiri amakhala a anthu a mudzi umodzi, odziwana, oyeserera mobwerezabwereza, aliyense akudziwa pamene ayenera kulowa ndi pamene ayenera kukhala chete kuti mnzake amveke. Ndiye mwatenga anthu amene kuofesi salonjerana, a ku maakaunti amakhalira mapepala a anzawo dala, bwana amakalipira munthu pagulu, mwawakhazika pa mabenchi ola limodzi mafoni ali m'mwamba, mukuganiza kuti chimene ovinawo ali nacho chiwalowa bwanji? Kuonerera anthu akulima sikudzaza nkhokwe yako.

Musandimve molakwa ngati ndikuti kulipira kuti uonere gule ndi kulakwa. Kecak amene tikumuona lero anakonzedwa m'zaka za m'ma 1930, pamene wovina wa ku Bali, Wayan Limbak, ndi wojambula wa ku Germany, Walter Spies, anatenga mayimbidwe a mwambo wa mizimu wotchedwa sanghyang n'kuikamo nthano yakale ya Chihindu ya Ramayana. Alendo akhala akumuonera kuyambira kalekale, ndipo mabanja ambiri amadyera pomwepo. Lipirani, onerani, ombani m'manja. Kungoti musamutche mankhwala a matenda a kuofesi.

Matenda akewo amadziwika. Mu 2012 kampani ya Google inayamba kafukufuku wotchedwa Project Aristotle, n'kuunika matimu ake 180 kuti ione chifukwa chimene ena amachitira bwino kuposa anzawo. Chimene chinaposa zonse ndi chakuti munthu azitha kufunsa, kutsutsa, kapena kunena kuti "apa ndaphonya" popanda kuopa kuchititsidwa manyazi. Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard anali atalemba kale za mfundo yomweyi mu 1999. Ufulu umenewo umabadwa pa msonkhano wa Lolemba m'mawa, pamene wamng'ono wanena kuti dongosolo la abwana silitheka, anthu n'kuona zimene zimuchitikire. Akamudula pakamwa tsiku limenelo, ngakhale mumutengere hotela ya nyenyezi zisanu, adzangomwetulira pa chithunzi basi.

Ndipo kugawanika kumayamba ndege isananyamuke. Mndandanda wa opita ukangotuluka, manong'onong'o ayamba. Mlonda watsala. Mayi wosesa watsala. Amene ali pa kontirakiti ya miyezi yochepa, ngakhale ndi iwo amagwira ntchito yolemetsa, atsala. Wina pasipoti yake yachedwa, wina viza amukaniza, wina ali ndi khanda loyamwa ndipo palibe anamufunsa ngati sabata yathunthu kunja ndi yotheka kwa iye. Otsalawo ndi amene amayankha mafoni a makasitomala, kwinaku zithunzi za kunyanja zikugwa pa gulu la WhatsApp la kuntchito. Opitawo nawonso, mabwana kutsogolo kwa ndege, ena kumbuyo. Mabwana chipinda chawochawo, ena awiriawiri ndi munthu amene sanamusankhe.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi usiku uja amati aliyense avine. Ovina akatambasula dzanja kuitana alendo, pali ena amalumpha mokondwa, ndipo ndi bwino. Koma pali mtsikana amene wangoyamba ntchito, wamanyazi, kapena amene chipembedzo chake sichimulola, ndiye abwana akuti "tiyeni, tiyeni, musakhale osagwirizana ndi anzanu". Angakane bwanji kwa munthu amene amasayina kalata yomukweza? Amalowa, thupi lili gwa, wina akumujambula, mawa kavidiyo kazungulira ofesi yonse. Makampani ena amafika pouza dipatimenti iliyonse kuti ikonze gule wa mtundu wina wa anthu woti ikaonetse, ndiye muone anthu atadzipaka utoto kumaso, atavala nthenga zogula pamsika wa alendo, akutsanzira zinthu zimene sakudziwa tanthauzo lake.

Magule ali ndi eni ake. Ku New Zealand, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo mu 2014 lonena kuti haka yotchuka ya Ka Mate, gule wa anthu a mtundu wa Māori, ikamagwiritsidwa ntchito pa malonda, atchulidwe mwini wake, mfumu Te Rauparaha ya fuko la Ngāti Toa. Anthu anachita kumenyera nkhondo ulemu umenewo kwa zaka zambiri. Koma alendo a kampani amafika mochedwa, akudya ovina ali pakati pa nthano, ena akuyankha foni, ena akunyamuka gule asanathe chifukwa basi ikudikira. Pobwerera palibe ndi mmodzi yemwe angakuuzeni dzina la gululo kapena zimene gule uja amanena. Pomwe kukanakhala kupempha mtsogoleri wa ovinawo kuti akhale nawo mphindi makumi awiri, awafotokozere mmene amagawanirana mawu ndi zimene amachita wina akaphonya, mwina akanatolapo kanthu kenikeni.

A HR, inu oyang'anira za antchito, ngati ndalama zilipo, atengeni anthu apite, ndipo muutche ulendowo dzina lake: mphoto, kapena tchuthi. Nenani poyera mmene mwasankhira opita, otsala muwapatse chawo chooneka, wosafuna kuvina mumusiye akhale. Nkhani ngati ya maovataimu osalipidwa, ndi ya bwana wokalipa uja, ikambidwe musanagule matikiti.