Inu omatitsa mano, lekani makala ndi mandimu

Ana anga, tandimverani. Mdzukulu wanga wamkazi adamatitsa dzino lakutsogolo chaka chatha, ndi zoyera zija zofanana ndi dzino, moti sukadadziwa pomwe padabooka. Sabata yatha wabwera kudzandiona, pomatapo pachita mzere wakuda m'mbali, pakhakhala ngati mwala wonolera mpeni. Ndikumufunsa, akuti amakhula ndi makala osinja othira mandimu, nzeru yoitola pa TikTok, kuti mano ayere. Mlandu n'kumaupereka kwa dokotala! Ndamukalipira, ndipo nanunso ochita zomwezi sindikusiyani.

Chomatacho si dzino ayi. Ndi phala la pulasitiki losakaniza ndi tizidutswa ta galasi tosalala ngati ufa, lomwe dokotala amaliumitsa ndi kuwala kwa buluu kuja. Akatha amapasalaza mpaka lilime liziterera, ndipo kusalala kumeneko ndiye moyo wake. Mukakhula ndi makala, phulusa kapena mchere, mumapala pulasitikiyo, tizidutswa tija n'kumayoyoka, pamatsala timaenje tosaoneka ndi maso. M'menemo ndimo mumabisala tizilombo, ndimonso umakakamira mtundu wa tiyi, khofi ndi fodya. Dzino limayambanso kuola m'mphepete mwa chomatacho, inu osamva kanthu, kufikira usiku womwe mudzachezere mutagwira tsaya. Kuyerako n'komwe simungakupeze: ngakhale mankhwala enieni oyeretsa mano sayeretsa chomata.

Nanga zakumwazi? Dzino limayamba kusungunuka pH, muyeso wa asidi womwe umatsika asidi akamachuluka, ikatsika kupitirira 5.5, pomwe Coca-Cola ali cha pa 2.5. Inu botolo limodzi mumapsontha pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka masana, m'kamwa osapuma. Mowa nawo umafewetsa pulasitikiyo, koma taonani azibambo akuchukucha kachasu dzino likawawa, ati ndi mankhwala. Zotsegula botolo ndi mano sindinenanso, n'zochititsa manyazi.

Ife kale ankatimata ndi zachitsulo zotuwa zija. Zinali zolimba, koma muli mercury, chitsulo cha poizoni, ndipo pangano la Minamata la 2013 lidalamula mayiko kuzichepetsa. Zoyerazi ndizo zikutsala, tsono phunzirani kuzisamala.

Gulani mswachi wofewa, tsukani kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, woteteza mano kuti asaole, osachita kukhula ngati mukukwecha poto. Mukamwa kapena kudya zowawasa, chukuchani ndi madzi, mudikire mphindi 30 musanatsuke. Lilime likayamba kukodwa pomatapo, kapena mukaona mzere wakuda, pitani msanga. Pakadali poyambirira dokotala angathe kungosalazanso kapena kuwonjezera pang'ono, koma mukazengereza ndi zija mumakamva kuti latsala n'kuzula.

Mdzukuluyo ndamupatsa ya basi kuti Lolemba akaonane ndi dokotala. Makala ake aja ndawakhuthulira m'mbaula iye akuona.