Musanagule pikapu yokokera kalavani, tsegulani kaye chitseko

Abale anga a kuno ku Indiana ndi ku Michigan, mwezi uno wokha anthu atatu andifunsa funso limodzimodzi: "Achimwene, tikufuna kalavani yoti tizikagona kunyanja ndi ana, ndiye tigule pikapu yanji?" Onse atatu amabwera atanyamula nambala imodzi, ija amailemba ndi zilembo zikuluzikulu potsatsa malonda, yakuti galimotoyi imakoka mapaundi 12,000 kapena 13,000. Ndati ndingolemba pano kamodzi aliyense awerenge, chifukwa nambala imeneyo inatsala pang'ono kupweteketsa banja langa.

Kukopeka sindikudabwa nako. South Bend ndi Elkhart ndi khomo ndi khomo, ndipo ku Elkhart ndiye kuchimake kwa makalavani ku America konse. Makampani opanga makalavani a Thor Industries ndi Forest River malikulu awo ali komweko, Jayco ili chapafupi ku Middlebury. Ukamayenda pa Toll Road umangoona atsopano ali mdipiti, akupita nawo kukagulitsa, mtima nkumati nanenso tsiku lina.

Amene munakulira kumudzi mukudziwa ngolo ya ng'ombe. Ng'ombe ziwiri zimakoka matumba ambiri ndithu, koma wopakira akaunjika matumbawo kutsogolo, goli limapanikiza makosi mpaka ng'ombe kugwada. Akaunjika kumbuyo, mtengo wa ngolo umatukuka, goli nkumakoka m'mwamba. Kukoka ndi nkhani ina, kusenza ndi nkhani inanso. Kalavani ndi chimodzimodzi. Kulemera kwake kwina kumatsamira pa hitch, chitsulo chomangirira kalavani kumbuyo kwa pikapu, ndipo kumayenera kukhala pakati pa 10 ndi 15 peresenti ya kalavani yonse itapakiridwa. Kukachepa, kalavani imavina pamsewu. Kukakwanira, pikapu iyenera kukhala ndi msana wosenzera. Ogulitsa ambiri amakamba za kukoka basi, za kusenza amangokhala chete.

Ife tinali ndi pikapu ya half-ton, ndiye kuti ya gulu lopepukirapo pa mapikapu aakulu, yabwinobwino. Wogulitsa kalavani anayang'ana galimoto yathu pawindo nkunena kuti imeneyo ikoka popanda vuto. Sindinafunse zambiri. Tsiku lina tili pa msewu waukulu wa I-94, kamphepo kakuchokera kunyanja, thiraki yaikulu inatidutsa kumanzere. Ndinamva kumbuyo kukukankhidwira kumanja, kenako kukukokeredwa kumanzere. Pagalasi ndinaona mbali yonse ya kalavani, chinthu chomwe sumayenera kuchiona uli pamsewu wowongoka. Chiwongolero chinapepuka m'manja ngati matayala akutsogolo sakugunda pansi. Ana kumbuyo anangoti zii. Mayi a kunyumba anagwira chitseko nkunena motsitsa mawu, "Bambo, chonde imani." Chinatipulumutsa ndi kabatani ka brake controller, kachipangizo kolamulira mabuleki a kalavani: ndinachotsa phazi pamoto, osaponda buleki ya galimoto, nkufinya mabuleki a kalavani okha mpaka inawongoka. Titaima pambali miyendo inkanjenjemera moti ndinakhala kaye pansi pa udzu.

Sabata yotsatira ndinapita pa sikelo ya CAT Scale, zija zimapezeka pomwetsera mafuta mathiraki. Ili ngati ija ya pa Balaka, kungoti aliyense amaloledwa kukwerapo akalipira ndalama zochepa, ndipo imakupatsa kulemera kwa matayala akutsogolo, akumbuyo ndi a kalavani padera padera. Ndipamene ndinayamba kuwerenga kapepala kachikasu komatidwa pafelemu ya chitseko cha dalaivala. Kamanena kuti anthu ndi katundu yense pamodzi asapitirire mapaundi akutiakuti. Imeneyo ndiye payload, ndipo ndi ya galimoto imeneyoyo, osati inzake yofanana nayo dzina.

Kathu kanali ndi 1,500. Kalavani itapakiridwa inali pafupifupi 8,000, ndipo yoposa pang'ono 1,000 inkatsamira pa pikapu. Hitch yathu, ya mtundu wogawa kulemera ku matayala onse, payokha ndi mapaundi ngati 100. Ife anayi tikakhala pamipando ndi 600. Werengani nokha: tinali titadutsa kale malire tisanaike njinga za ana, mbaula yowotchera nyama ndi cooler. Chonsecho pa nambala yaikulu ija ya kukoka tinali pansi kwambiri.

Nambala yaikuluyo si yabodza, koma muziidziwa kumene imachokera. Makampani amatsatira muyezo wotchedwa SAE J2807. Galimoto imakwezedwa chitunda cha Davis Dam ku Arizona, mtunda wa mamailosi 11.4, kunja kukutentha madigiri 100 a Fahrenheit, choziziritsa mpweya chili choyatsa. Ndi mayeso ovuta ndithu. Koma amawerengera kuti mkatimo muli anthu awiri okha, aliyense wa mapaundi 150, omwe ndi makilogalamu 68, ndipo kumbuyo kulibe kanthu. Ndani wa ife amapita kokacheza chonchi? Samalaninso ndi dry weight yomwe amalemba pa kalavani. Imeneyo ndi kalavani yopanda kanthu. Madzi okha a thanki ya magaloni 40 ndi mapaundi oposa 330, ndiye muwonjezere miphika, zofunda, ufa, zakudya za m'filiji. Nambala yogwirira ntchito ndi GVWR ya kalavaniyo, ndiye kuti kulemera konse kumene imaloledwa kufika itapakiridwa.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Kalavani yaing'ono, ya banja laling'ono, half-ton imatha. Koma ikamafika mapaundi 8,000 kapena kutalika mafiti 30, pitani ku heavy-duty: Ford F-250, Ram 2500, Chevrolet Silverado 2500HD kapena GMC Sierra 2500HD. Zimenezi zili ndi chasisi cholimba, mabuleki aakulu, matayala osenza katundu, ndipo nazonso nzolemera, moti kalavani siizikankha mwachisawawa. Za mtundu sindilimbana ndi munthu, onsewa amapanga galimoto zogwira ntchito.

Pomwe ndimasiyana ndi anzanga ambiri ndi pa dizilo. Ife tinakula tikudziwa kuti galimoto yantchito ndi ya dizilo, ndipo mawu a injini ya Cummins, kampani yomwe likulu lake lili ku Columbus konkuno ku Indiana, amakoma m'khutu. Power Stroke, injini ya dizilo ya Ford, ndi Duramax ya GM (eni ake a Chevrolet ndi GMC) nazonso ndi ngwazi. Potsetsereka phiri exhaust brake, buleki yogwiritsa ntchito injini ya dizilo, imagwira galimoto popanda kuwotcha mabuleki, ndipo amene amakoka fifth wheel yaikulu, kalavani yomangirira pabodi ya pikapu, kudutsa mapiri a ku Colorado chaka ndi chaka, ameneyo agule dizilo, sindingamuletse. Koma walira mvula walira matope. Injini ya dizilo imakweza mtengo ndi madola pafupifupi 10,000, ndipo imalemera mapaundi 700 kapena 800 kuposa ya petulo. Kulemera kumeneko kumadya payload yomwe ija. Mutha kupeza 2500 ya dizilo yodzaza ndi zokometsera, mipando yachikopa ndi denga lagalasi, ikusenza zochepa kuposa inzake ya petulo yopanda manyado. Kuwonjezera apo pali DEF, madzi a mankhwala oyeretsa utsi, yoti muzithira, ndi sefa ya utsi yomwe imatsekeka galimoto ikamangoyenda timaulendo tifupitifupi. Ambiri a ife timakoka kalavani kanayi kapena kasanu pachaka, masiku ena onse ndi kuntchito, kutchalitchi, kusukulu ya ana, m'chisanu cha Januwale injini isanatenthe nkomwe. Moyo umenewo dizilo saukonda.

Ine ndinasankha ya petulo. Ford ili ndi injini ya malita 7.3 yomwe inatuluka mu 2020, GM ili ndi ya 6.6, Ram ili ndi Hemi ya 6.4. Pachitunda imalira kwambiri ndipo mafuta imamwa, zimenezo sindibisa. Koma kapepala kake kachikasu kali ndi nambala yoposa 3,000, ndipo pa I-94 pomwe paja thiraki ikamatidutsa ana sadzuka ngakhale kutulo. Amene mtima wanu uli pa dizilobe, yang'anani F-350 kapena 3500 ya tayala limodzi mbali iliyonse kumbuyo. Kukula kwake nkofanana ndi 2500, mtengo susiyana kwambiri, koma imasenza zambiri.

Mukapita kokagula, musachite manyazi. Tsegulani chitseko cha galimoto yeniyeniyo yomwe mukufuna, jambulani kapepalako ndi foni, mukawerengere kunyumba muli phee ndi akazi anu kapena amuna anu. Amene muli kale ndi pikapu ndi kalavani koma simunapimitsepo, ndiuzeni Loweruka likubwerali tipitire limodzi kusikelo. Mubwere mutapakira ngati mukupitadi paulendo, thanki ya madzi yodzaza, ana onse ali m'galimoto.