Si chimbuya chimenecho, amayi

Ndalemba ndafufuta kawiri konse, koma mtima ukukana kukhala pansi, ndiye ndingonena basi.

Loweruka lapitali ndinaperekeza mlamu wanga ku Chawama kukafuna chipinda cha lendi. Mnyamatayu ndi mlongo wake wa mkazi wanga, kwawo ndi ku Monze, wangoyamba kumene ntchito kuno ku Lusaka, ndipo miyezi iwiri tsopano akugona pabalaza pathu. Chipinda tinachipeza chabwino ndithu, pansi pa simenti, mita ya magetsi yakeyake, mpopi pabwalo pomwepo. Eni nyumba ndi mayi wachikulire. Atangomva kalankhulidwe kanga anaomba m'manja, "Aa, a kwathu!" Iwo a ku Katete, ine wa ku Chadiza. Tinafunsana mafumu, tinakamba za mvula, za Kulamba ku Mkaika, mipando anatulutsa, madzi akumwa anatipatsa. Lendi tinagwirizana K1,200 pamwezi. Mlamu amalankhula Chinyanja cha m'tauni bwinobwino, choncho mayi aja ankangoti tonse ndife akum'mawa.

Kenako anati, "Tione NRC, mwana wanga." NRC, chitupa cha unzika chija, anaigwirira patali ndi maso monga achitira akuluakulu, nawerenga pang'onopang'ono dzina la Chitonga loyamba ndi Ha, mudzi, mfumu, boma la Monze. Ndinaona ndi maso angawa nkhope ikuzima ngati nyali yatha mafuta. Anaseka kaseko kouma, amvekere, "Ndiye ng'ombe zanu mudzazimanga pati m'yadi muno?" Ana awo aakazi awiri amene ankachapa pampopi anaphulika nacho chiseko. Patapita kamphindi mayi aja anakumbukira mwadzidzidzi kuti chipindacho analonjeza kale munthu wina wa kutchalitchi kwawo. Chipinda chomwe mphindi khumi zapitazo ankationetsa pokhoma msomali wa neti!

Ndinati, "Amayi, kodi vuto ndi NRC?" Yankho lawo ndi limene landilembetsa zonsezi. "Ah bambo, osakwiya, ndi chimbuya chabe."

Si chimbuya chimenecho. Ndikubwereza, si chimbuya.

Chimbuya ndikuchidziwa ine. Bambo anga atamwalira, anthu oyamba kufika pamaliro anali Abemba a mu komboni mwathu. Anatipaka ufa kumaso, anatinena kuti malemu afa ndi mbewa yowola, anatilanda makobidi pamaso pa aliyense, ife tikubweza kuti inu odya anyani khalani chete. Koma ndi iwo omwewo amene anawaza nkhuni usiku wonse, kuphika nsima ya anthu onse aja, kunyamula bokosi, ndipo ndalama zimene anatilanda zinagula ndiwo za pamaliro pomwepo. Abemba ndi Angoni anamenyanapo nkhondo zenizeni zaka za m'ma 1800, mikondo ndi magazi, ndipo atatopa anasandutsa chidanicho kukhala nthabwala, mpaka akum'mawa tonse tinalowamo. Mbuya wako amakutukwana uku akukusenzera katundu. Amakunena iwe n'kumubwezera, nonse n'kuseka. Mbuya sakumana nyumba.

Nanga mlamu wanga anaseka? Anangopinda mutu, n'kubweza NRC m'thumba, manja akunjenjemera pang'ono. Nthabwala yanji yoseka mbali imodzi, wina n'kuchoka wopanda pogona? Komanso tinayamba liti ife Achewa kuchita chimbuya ndi Atonga? Atonga ambuya awo ndi Alozi, aliyense wokulira m'Zambia muno akudziwa. Ndiye musabe mwambo wa eni ake n'kufunditsa tsankho lanu. Tsankho ndi tsankho ngakhale mulivale chitenje chatsopano. Mukakana munthu chifukwa cha dzina la bambo ake, mwamukana, kaya mwaseka kaya simunaseke.

Ndipo chimandinyansa n'chakuti tonse timachita zimenezi n'kumadziyesa anthu abwino. Mayi aja si mfiti ayi, mwina Lamlungu anali kutsogolo m'kwaya. Mu minibasi ya ku Kulima Tower wina akayankha foni m'Chitonga kapena m'Chilozi, pamakhala wina woyamba kumuyeserera, basi yonse n'kuseka, kondakitala n'kuthira mchere, munthu uja n'kudula foni asanamalize. Chimbuya. Mwana wanu akabweretsa chibwenzi, funso loyamba si la ntchito kapena khalidwe, koma "ndi wa mtundu wanji?" Chimbuya. Pa Facebook nthawi ya chisankho anthu amatchulana mayina a nyama, wina akadandaula, "iwe sudziwa kuseka." Chimbuyanso. Mawu amodzi omwewo akhala sopo wosambira m'manja.

Andale amakolezera, umphawi nawo ulipo, zonsezo tikudziwa, musandiuze. Wofufuza wina wa ku America, Daniel Posner, anaonetsa kale mu 2004 kuti Achewa ndi Atumbuka ku Malawi amaonana ngati opikisana, pamene kuno amangokhala akum'mawa amodzi, kusiyana kwake n'kuwerengera mavoti basi. Koma Loweruka ku Chawama kunalibe wandale. Kunali mayi, ana ake awiri akuphunzira pampopi kuti munthu wa kumwera ndi wosekedwa, ndi ine.

Inde ine. Chifukwa nditamva yankho lija ndinangoti "chabwino amayi, zikomo," n'kutsanzika mwaulemu ngati munthu amene wapatsidwa nkhuku. Mpaka tinakafika pa siteji ya basi mlamu osalankhula, ine osalankhula. Manyazi amenewo ndi anga, ndipo akundiwawa kuposa mawu a mayi aja.

Amene mukuti ndikukulitsa nkhani yaing'ono, mwaiwala msanga. April 2016 kuno ku Lusaka komwe kuno, mphekesera inangoyenda kuti anthu a ku Rwanda ndi amene akupha anthu n'kuwachotsa ziwalo. Masiku awiri okha mashopu oposa 60 anaphwasulidwa m'makomboni, mabanja anathawira ku tchalitchi cha St Ignatius, ndipo ku Kanyama anthu awiri anawotchedwa amoyo. Awiriwo anapezeka kuti anali a Zambia anzathu. Amene ananyamula matumba a ufa m'mashopu aja ndi omwe ankakongola shuga ndi mafuta momwemo, omwe zaka zonse ankati "timangowaseka chabe alendowa." Ndipo anthu a ku Rwanda amenewo angakuuzeni okha kuti kwawo mu 1994, zikwanje zisanatuluke, wailesi inkayamba yatchula anthu kuti mphemvu, omvera akuseka. Chaka chomwecho cha 2016 chisankho chitatha, ku Namwala mabanja anathamangitsidwa, nyumba kutenthedwa, chifukwa cha kumene anachokera ndi amene ankaganiziridwa kuti anamuvotera. Moto umapita kumene kwatsala tchire.

Ife akum'mawa ndife oyenera kuchita manyazi kuposa onse, chifukwa mpeni umenewu watichekapo. Ndi kangati mwauzidwa mukukangana pamzere kuti "bwerera kwanu ku Malawi"? Munaseka? Kenneth Kaunda yemwe, wobadwira ku Chinsali, amene mu February 1968 ku Chilenje Hall anatula pansi udindo kwa maola angapo atatopa ndi mikangano ya mitundu m'chipani chake cha UNIP, mwini wake wa One Zambia One Nation, mu 1996 anamutsekera kunja kwa chisankho chifukwa makolo ake anachokera ku Nyasaland. Ngati zinagwera munthu amene analamula dziko zaka 27, inu amayi a ku Katete, pafupi ndi malire pomwe, mukuganiza kuti NRC yanu ndi yachitsulo? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Lamulo liliponso, gawo 70 la Penal Code, kunyoza munthu chifukwa cha mtundu wake ndi mlandu wopita nawo kundende. Sindikupita kupolisi ine ndi mayi wa msinkhu wa amayi anga. Ndikungoti lekani kutchula chimbuya pa zinthu zimene si chimbuya. Ngati simufuna Mtonga m'nyumba mwanu, lembani pageti ndi makala, "Atonga ayi," anthu akuoneni mmene mulili, tisawononge ndalama za basi.

Ndipo inu a boma, mudzi wanga ndi mfumu yanga zikufuna chiyani pa NRC? Mwana wobadwira ku Matero, amene kumudzi sanapondeko chibadwire, mumamulemba mfumu imene sanaionepo, kenako landilodi aliyense ndi kalaliki aliyense n'kumawerenga mtundu wake asanamuyang'ane kumaso. Nambala ndi chithunzi sizikwanira? Landilodi nayenso NRC amaifuniranji asanalandire ndi ngwee yomwe?

Mlamu akadali pabalaza pathu. Amene akudziwa chipinda ku Chawama, Kamwala South kapena John Howard, osapitirira K1,300, andiuze, koma mufunsiretu eni nyumba ngati dzina loyamba ndi Ha limawadwalitsa.